Brian Lara ndi ndani kuti munthu asiye dala kuphwanya rekodi yake?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo anzanga akuntchito ndi okonda kiriketi kwambiri. Mu July 2025 anakangana sabata yathunthu pa nkhani ya Wiaan Mulder wa timu ya South Africa, amene anamenya marani 367 posewera ndi Zimbabwe ku Bulawayo kenako n'kusiya dala, akuti pofuna kulemekeza Brian Lara. Ine ndinakulira mpira wamiyendo, kiriketi ndikuiphunzira kumene. Kodi Lara ameneyu anachita chiyani chachikulu chotere? Nanga Mulder anakhoza kapena analakwa?

Yankho: Achimwene, zikomo chifukwa cha funso lanu. Tiyambe taona chimene Mulder anasiya. Pa nthawi ya nkhomaliro tsiku lachiwiri, pa bwalo la Queens Sports Club, iye anali ndi marani 367 ndipo anali asanatulutsidwe. Marani ochuluka kwambiri amene munthu mmodzi anamenyapo mu innings imodzi ya masewero a Test ndi 400, a Lara, a mu 2004. Kunangotsala 34 kuti awapitirire, ndipo mmene dzanja linkamuyendera tsikulo, imeneyo inali ntchito yosakwana ola. Koma Mulder ndiye anali kaputeni pa masewerowo. Anaimitsa innings timu yake ili pa 626, n'kuuza atolankhani kuti rekodiyo ndi yoyenera kukhalabe m'manja mwa Lara.

Popeza mwati mukuphunzira kumene, ndikuuzeni kulemera kwa nambala imeneyi. Marani ndiwo zigoli za kiriketi: womenya amawapeza pomenya mpira n'kuthamanga kusinthana mbali ndi mnzake, kapena poufikitsa kumalire a bwalo. Masewero a Test, amene ndi a pakati pa maiko, amatenga masiku asanu. Timu iliyonse imapatsidwa mipata iwiri yomenya, imene amati innings, ndipo innings imatha anthu khumi akatulutsidwa kapena kaputeni akanena kuti takwanira. Masiku asanu akatha popanda wogonjetsa mnzake, ndiye kuti alepherana. Chopweteka n'chakuti womenya akalakwitsa kamodzi kokha, basi zake zatha. Mu mpira wamiyendo ukaphonya chigoli, mwayi wina umabwera pakangopita mphindi zisanu. Mu kiriketi umakakhala pansi n'kumaonerera anzako, mwina masiku awiri. N'chifukwa chake munthu akafika pa marani 100 amavula chipewa n'kukweza bati m'mwamba, bwalo lonse n'kuimirira. Kuti Lara afike pa 400 anakumana ndi mipira 582 ndipo anaima pamenepo maola pafupifupi 13.

Komabe ine ndikati Lara anali wamkulu, sindiyamba n'kuloza 400 ija. Ndifikako, koma choyamba mumve kumene anachokera.

Anabadwa pa 2 May 1969 ku Santa Cruz, pa chilumba cha Trinidad, mwana wachikhumi m'banja la ana 11. Ali ndi zaka 6, bambo ake a Bunty ndi mlongo wake Agnes anakamulembetsa ku Harvard Coaching Clinic, kumene ana ankaphunzira kiriketi Lamlungu lililonse. Kenako anapita ku Fatima College ku Port of Spain. Mpira wamiyendo ankauthanso, moti anasewerako m'timu ya achinyamata ya dziko lake, ndipo Dwight Yorke amene mumamudziwa wa Manchester United uja ndi mnzake wa kalekale. Mu 1988, pa masewero ake achiwiri okha m'timu ya akuluakulu ya Trinidad and Tobago, anamenya 92 pamaso pa Malcolm Marshall ndi Joel Garner, oponya mpira amene panthawiyo dziko lonse la kiriketi linkawaopa. Bambo ake, amene sankajomba mwana wawo akamasewera, anamwalira mu 1989, asanamuone atavala yunifolomu ya West Indies pa Test. Test yake yoyamba inali ku Lahore mu December 1990, ndipo anamenya 44 ndi 5.

Apa pali mfundo imene anzanu mwina sanaitchule. West Indies si dziko. Ndi timu ya maiko angapo ang'onoang'ono a ku Caribbean, monga Jamaica, Barbados, Guyana, Antigua ndi Trinidad and Tobago, okhala ndi maboma awoawo ndi mbendera zawozawo. Anthu ambiri kumeneko ndi zidzukulu za Aafirika amene anatengedwa ukapolo ndiponso za Amwenye amene anabweretsedwa kudzalima nzimbe. Kiriketi anaiphunzira kwa atsamunda a ku Britain, n'kufika poimenya kuposa eni ake. Kuyambira 1980 mpaka 1995 palibe timu inawagonjetsa pa mndandanda wa masewero a Test. Kwa anthu a kumeneko nkhaniyi inali ya ulemu wa mtundu, osati zosangalatsa chabe. Tsoka la Lara n'lakuti anafika pamene dzuwa la timuyi linali litapendeka. Viv Richards, Gordon Greenidge ndi Marshall anasiya masewero a Test mu 1991. Mnyamatayo analowa m'nyumba ya mafumu nsanamira zikuzulidwa imodziimodzi, ndipo zaka zake zonse denga linatsamira pa iye.

Dziko linamudziwa mu January 1993 ku Sydney, pamene anamenya 277 posewera ndi Australia. Aka kanali koyamba kufika pa 100 mu Test, ndipo oponya mpira analephera kumutulutsa. Anatuluka chifukwa chochedwa kufika pamzere pothamanga. Mwana wake wamkazi woyamba anamutcha dzina loti Sydney. Amene anaonera anaona kamenyedwe kachilendo. Lara ankamenyera kumanzere. Poyembekeza mpira ankawerama pang'ono, bati n'kuikweza m'mwamba kwambiri mpaka kuloza kuthambo, chinthu chimene aphunzitsi ambiri amaletsa ana chifukwa bati imachedwa kutsika mpira ukakhala wothamanga. Koma manja ake anali achangu modabwitsa. Batiyo inkatsika ngati chikwapu, ndipo ankapotoza dzanja pa kamphindi komaliza n'kuupititsa mpira pakati penipeni pa anthu awiri oulonda. Makaputeni ankati akasuntha munthu kukatseka mpata, mpira wotsatira unkadutsa pomwe munthuyo wachoka.

Kenako kunabwera chaka cha 1994. Pa 18 April ku St John's, pa chilumba cha Antigua, posewera ndi England, anapitirira marani 365 a Garfield Sobers, katswiri wakale wa West Indies, rekodi imene inakhala zaka 36 chiyambire 1958. Sobers mwiniyo analowa m'bwalo pakati pa chinamtindi cha anthu kukamukumbatira. Musaiwale chithunzi chimenechi, chifukwa tidzachifuna tikafika pa Mulder. Lara anatuluka ali ndi 375. Patangotha milungu isanu ndi iwiri, akusewerera timu ya Warwickshire ku England, anamenya 501 osatuluka posewera ndi Durham pa bwalo la Edgbaston, kupitirira 499 ya Hanif Mohammad wa ku Pakistan. Marani 390 mwa amenewa anawamenya tsiku limodzi. Mwayi unamuthandizako, chifukwa ali ndi 18 wogwira mpira kumbuyo kwa wiketi (timitengo titatu timene womenya amatchinjiriza) anagwetsa mpira wosavuta, koma kuchokera pa 18 kukafika pa 501 si mwayi ayi. Mpaka lero palibe wina anafikapo pa 500 m'masewero a akatswiri otenga masiku angapo. Anali ndi zaka 25 zokha.

Kutchuka kwadzidzidzi kotere kunamulemera. Kwawo anamupatsa malo omangapo nyumba paphiri loyang'ana mzinda wa Port of Spain, makampani ankamulimbirana, atolankhani osamupatsa mpata wopuma. Mu 1995 anasemphana ndi akuluakulu a timu ali ku England, ndipo kumapeto kwa chakacho anakana kupita nawo ku Australia. Chaka chomwecho Australia inagonjetsa West Indies ku Caribbean komwe, ulamuliro wa zaka 15 uja n'kuthera pomwepo. Mu 1996 pa chikho cha dziko lonse anagonja ndi Kenya ku Pune, chinthu chimene palibe ankachilota, ngakhale kuti patangopita masiku ochepa Lara anamenya 111 ku Karachi n'kutulutsa South Africa mu mpikisanowo. Anzanu achikulire a ku Johannesburg tsiku limenelo akulikumbukira. Sindikubisirani, Lara sanali munthu wophweka kukhala naye m'timu. Anali ndi nyengo zokwiya ndi zodzipatula, ndipo utsogoleri sunamuyanje kwenikweni: anakhala kaputeni maulendo atatu osiyana, ndipo pa masewero a Test 47 amene anatsogolera anapambana 10 okha n'kugonja 26.

Tsopano tafika pamene ine ndimati m'pamene pali Lara weniweni.

Kumapeto kwa 1998 West Indies inayenera kukasewera mndandanda wake woyamba wa Test ku South Africa. Osewera, motsogozedwa ndi Lara, anaima ku hotela ina ya pa Heathrow ku London n'kukana kupitiriza ulendo chifukwa cha mkangano wa malipiro. Zinafika poti Ali Bacher, mkulu wa bungwe la kiriketi ku South Africa panthawiyo, anawatengera kalata yochokera kwa Nelson Mandela yowapempha kuti abwere. Anabweradi, koma anagonja masewero onse asanu. Atabwerera kwawo, akuluakulu anamuuza Lara kuti ukaputeni amupatsa wa masewero awiri okha, aone ngati asinthe. Mlendo wake anali Australia ya Steve Waugh, timu yamphamvu kuposa zonse panthawiyo. Pa Test yoyamba, kwawo kwenikweni ku Port of Spain, West Indies yonse inatulutsidwa ndi marani 51. Taganizani anthu 11 osafika n'komwe pa 52.

Test yachiwiri inali ku Kingston, ku Jamaica, kumene anthu ambiri anali naye chakukhosi chifukwa ukaputeni anaulanda kwa mwana wawo Courtney Walsh. Timu ili pa 34 anthu anayi atatuluka, Lara anamenya 213, akugwirizana ndi Jimmy Adams, ndipo anapambana.

Ya ku Bridgetown, ku Barbados, ndiyo ndimafuna muimvetse bwino. Australia inayamba ndi 490, Steve Waugh yekha 199. West Indies inapulumukira kwa Sherwin Campbell, amene anamenya 105, n'kufika pa 329. Kenako Walsh ndi anzake anagwetsa Australia ndi 146. Choncho pa innings yomaliza pankafunika marani 308, pa bwalo lotopa la tsiku lachisanu, pomwe nthaka imakhala itang'ambika ndipo mpira umadumpha mosadziwika bwino. Oponya anali Glenn McGrath, Jason Gillespie, Shane Warne ndi Stuart MacGill. M'mawa wa pa 30 March 1999 zinthu zinafika pa 105 anthu asanu atatuluka. Lara ndi Adams anakoka mpaka 238. Pakati pa zimenezi McGrath anamugenda mpira pachipewa, awiriwo n'kuyandikizana maso ali psuu, ndipo Lara anayankha ndi bati. Koma McGrath yemweyo anatulutsa anthu atatu motsatizana, n'kukhala 248 anthu asanu ndi atatu atatuluka. Kunatsala marani 60, ndipo otsala kumuthandiza anali Curtly Ambrose ndi Walsh, akatswiri oponya mpira koma osadalirika ndi bati.

Apa m'pamene luso limasanduka nzeru. Oponya amasinthana pakatha mipira 6 iliyonse, ndipo omenya awiri amasinthana mbali akathamanga rani imodzi. Ndiye Lara anayenera kumawerengera mpira uliwonse: kumenya marani 4 kapena 2 koyambirira, kukana kuthamanga rani imodzi imene ingaike mnzake pamoto, kenako kuitenga chakumapeto kuti oponya akasinthana mpira ubwerenso kwa iye. Waugh ankadziwa zimenezi ndipo ankamwaza anthu ake kumalire kuti amunyengerere atenge imodziyo. Ambrose anapirira koposa ola, awiriwo n'kuwonjezera 54. Lara ali ndi 145 anagunditsa mpira m'mphepete mwa bati, Ian Healy, wogwira mpira kumbuyo kwa wiketi wa Australia, n'kuugwetsa. Ambrose anatuluka kutatsala marani 6. Walsh, amene pa moyo wake anatuluka wopanda rani ngakhale imodzi maulendo ambiri kuposa wina aliyense mu Test, anatchinga mipira isanu imene inamupeza. Kenako Lara anakwapula mpira wa Gillespie n'kuufikitsa kumalire. Anapambana kutangotsala kutulutsa munthu mmodzi kuti agonje, iye ali ndi 153 osatuluka. Womutsatira pa innings imeneyo anali Adams, ndi 38. Mu 2001 a Wisden, amene amasunga mbiri ya kiriketi chaka ndi chaka, anaika innings imeneyi pa nambala yachiwiri mwa zonse za m'mbiri ya Test, pambuyo pa 270 ya Don Bradman ya mu 1937.

Kusiyana kwake ndi 375 kapena 400 n'kotere: maulendo awiri onse a ku Antigua bwalo linali lofewa kwa omenya, ndipo masewero onse awiri anathera polepherana. Ku Bridgetown kulakwitsa kamodzi kukanagwetsa timu, ukaputeni wake, ndi kamtima kochepa kamene anthu a ku Caribbean anali atatsala nako.

Koma mutu umodzi susenza denga. Mu 2001 ku Sri Lanka anamenya marani 688 m'masewero atatu okha, pamaso pa Muttiah Muralitharan, katswiri wopotokola mpira amene anazunguza dziko lonse. Pa Test yomaliza ku Colombo anamenya 221 ndi 130. West Indies inagonjabe masewero onse atatu. Ine zimandikhudza kwambiri ndikaganiza zimenezi, munthu kuchita zonse zimene thupi lingathe n'kumakwerabe basi ya timu ali wogonja. Pa masewero a Test 131 amene anasewera, anagonja 63. Amene amamuyerekeza ndi Ricky Ponting wa ku Australia kapena Jacques Kallis wa ku South Africa azikumbukira kuti awo ankalowa m'bwalo ali ndi anzawo odalirika kutsogolo ndi kumbuyo.

Nanga 400 ija inabwera bwanji? Mu October 2003 Matthew Hayden wa ku Australia anamenya 380 posewera ndi Zimbabwe ku Perth, n'kulanda rekodi. Patangotha miyezi yochepa England inafika ku Caribbean n'kupambana masewero atatu oyambirira, ndipo ku Kingston inatulutsa West Indies ndi 47. Lara mwiniyo anali asakumenya bwino. Test yomaliza inali pa bwalo lomwe lija la ku Antigua, mdani yemwe uja, mwezi womwe uja wa April, patatha zaka khumi. Pa 12 April 2004 anakankha mpira wa Gareth Batty n'kuthamanga rani ya 400, ndipo anaimitsa innings timu ili pa 751. Palibe munthu wina m'mbiri amene analandidwa rekodi imeneyi n'kuitenganso. Odzudzula analipo. Ena ankati anamenya nthawi yaitali kwambiri, mpaka tsiku lachitatu, ndipo sanasiye nthawi yokwanira yotulutsira England kawiri. Mfundo yawo si yopanda pake. Koma timu imene yatsala pang'ono kugonja masewero onse pakhomo pake imayamba yatseka chitseko, ndipo 400 ija inachita zimenezo. Chaka chomwecho mu September anatsogolera timu kutenga chikho cha Champions Trophy pa bwalo la The Oval ku London.

Zotsala ndingodutsamo. Mu December 2003 pa bwalo la Wanderers, mumzinda womwe mukukhalamowo, anamenya marani 28 pa mipira 6 ya Robin Peterson. Mu November 2005 ku Adelaide anamenya 226 n'kupitirira Allan Border wa ku Australia kukhala munthu wa marani ochuluka kwambiri mu Test, mpaka Sachin Tendulkar wa ku India anadzamupitirira mu 2008. Anamaliza ndi marani 11,953, atafika pa 100 maulendo 34. Masewero ake omaliza anali a pa chikho cha dziko lonse cha 2007, ku Bridgetown komwe kuja, posewera ndi England. Anatuluka ali ndi 18 atasokonezana ndi mnzake pothamanga. Masewero atatha anatenga maikolofoni n'kufunsa anthu ngati anawasangalatsa, ndipo bwalo lonse linayankha ndi mfuu.

Tibwerere kwa Mulder. Mtima wake ndikuumvetsa, ndipo ife amene tinaleredwa kuti mwana sakhala pampando wa akulu sitingaunyoze. Iye anaona kuti dzina lake silinafike poikidwa pamwamba pa la Lara, komanso mwina ankadziwa kuti anthu akanati anamenya timu yofooka. Koma ine ndikuti akanapitiriza. Nthawi inalipo yambiri: linali tsiku lachiwiri masana, ndipo South Africa inapambana masewerowo tsiku lachitatu, masiku awiri athunthu osagwiritsidwa ntchito. Choncho mlandu umene ankamuimba Lara mu 2004, wakuti anaika dzina lake patsogolo pa timu, sukanamugwera Mulder. Nkhani yoti mdani anali Zimbabwe nayonso siigwira, popeza 380 ya Hayden inamenyedwa pa Zimbabwe yomweyo ndipo inalembedwa m'mabuku, ndiponso osewera a Zimbabwe anabwera kudzapikisana, osati kudzachitiridwa chisoni. Chachikulu kwa ine ndi chithunzi chija cha 1994. Sobers anali wamkulu kwa Lara kuposa mmene Lara alili kwa Mulder, koma Lara sanaime pa 364 kuti alemekeze mkuluyo. Anamupitirira, ndipo mkuluyo anayenda yekha kulowa m'bwalo kukamukumbatira. Hayden atamulanda rekodi, Lara anamuimbira foni kumuyamikira, kenako anakaitenganso ndi bati. Mulder mwiniyo anadzanena pambuyo pake kuti atalankhula ndi Lara, mkuluyo anamuuza kuti akanangopitiriza, ndipo kuti mwayi wotere ukadzabweranso asadzausiye.

Mukapeza mpata, funani pa intaneti kanema wa tsiku lomaliza la ku Bridgetown mu 1999, muonere limodzi ndi anzanuwo. Muyang'anitsitse mmene Lara akuyendera kupita kwa Ambrose oponya akamasinthana, kukamulankhula ndi kumulimbitsa mtima, ndiponso mmene akukanira kuthamanga pamene bwalo lonse likumukuwira kuti athamange.